Mawu a M'kamera ya Pakhonde

Kasungu Boma
17 Meyi

Wokondedwa mlongo wanga Grey,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Princess ndi ana. Kuzizira kwa ku Cape Town kwayamba kale? Ine kuno ndili bwino, ntchito yakusukulu ikuyenda. Amayi ku Chulu aliko, miyendo yokha ndiyo ikuvutabe. Fodya chaka chino wachita. Mabelo khumi ndi anayi adindidwa, ali m'chigafa kudikira galimoto.

Usadabwe kuti ndalemba papepala n'kupatsira a Nelson oyendetsa basi pamene tonse tili ndi mafoni. Chifukwa chake uchipeza m'munsimu.

Pa 4 mwezi uno unandiuza kuti foni yako yasiya kuonetsa makamera amene unaikitsa kwa amayi, ikungoti pasiwedi ndi yolakwika. Ndinakuyankha kuti ndi netiweki. Ndinayankha ndisanafufuze, zimene ndimaletsa ana anga m'kalasi tsiku ndi tsiku.

Dzulo ndinapita kumudzi kukaona ndekha. Ndinayamba ndi batire la sola, ndinapeza ladzaza. Rauta ya netiweki inali yoyaka, nyali zake zonse zobiriwira. Mawaya anali olimba, makoswe sanawakhudze. Ndinayesa kulowa ndi foni yanga, nayonso inakanidwa.

Kenako ndinaona bandulo. Grey, m'masiku khumi ndi awiri yadyeka kuposa miyezi iwiri yapitayi pamodzi. Makamera amenewa sadya bandulo chotere ngati palibe amene akuonera. Iwe sumaonera. Inenso sindimaonera.

Ndili chikhalire ndi maganizo amenewo, amayi anatuluka n'kukhala pampando wawo, pansi pa kamera ya pakhonde ija. Ukudziwa kuti amaitcha diso la Grey, ndipo m'mawa uliwonse amaipatsa moni ngati munthu. Anandifunsa ngati iwe wachira chimfine. Ndinati chimfine chiti? Iwo anati chakusintha mawu, masiku ano ukulankhula mokhuthala ngati m'busa wopuma.

Ndinafunsa kuti mwalankhulana liti. Anati tsiku lililonse, dzuwa likafika pamutu, m'kameramo. Ndinabweretsa kalendala n'kubwerera nawo m'mbuyo pang'onopang'ono. Mawuwo anayamba pa 5, mawa lake la tsiku lomwe iwe unatsekeredwa kunja.

Sindinaonetse mantha pankhope. Ndinawapempha andiuze zimene mumacheza.

Akuti umayamba ndi kufunsa za miyendo yawo. Kenako unafunsa kuti mabelo afika angati, ndipo galimoto ibwera liti. Unafunsa amene amagona pakhomo. Iwo anaseka, akuti wayiwala kuti ali awiri okha ndi azakhali a Lefina? Unafunsa ngati azakhali amapitabe ku Chigwirizano Lachinayi masana. Unawauza kuti asandiuze ine, chifukwa ndimada nkhawa ndi zilizonse. Ndipo Lachisanu unawauza kuti Lachinayi pa 28 adzamangirire galu kumtengo wa mango, kukubwera anzako awiri kudzayeza mabelo.

Chimene chandisowetsa mtendere kwambiri ndi ichi. Kuyambira uli mwana sunawatchepo amayi. Umati Adona, ngakhale kutchalitchi. Mawu aja masiku oyamba amati amayi. Iwo zinawawawa. Tsiku lachitatu anafunsa kamerayo kuti kodi ndakulakwira chiyani mwana wanga, wasiyiranji kunditcha Adona? Mawa lake mawu aja anayamba ndi Adona. Amandifotokozera izi akumwetulira, akuti mwana wawo wabwerera.

Ndinaimirira kutsogolo kwa kamerayo. Ndinafuna umboni, osati zongoganiza. Ndinasuntha kulowera kuchitseko, iyo inatembenuka n'kundilondola. Ndinabwerera kuzenera, inabwereranso. Kunalibe mphepo. Ndinati, ndinu ndani? Inangondiyang'ana, kanyali kake kofiira kakuyaka. Ndinalowa m'nyumba n'kuzula waya wa rauta, n'kuchotsa simu khadi.

Tsopano ndikuuze mbali yanga, chifukwa mlandu ndi wanga. Tsiku limene tinaika makamera ndinaopa kuti tiyiwala pasiwedi. Ndinailemba ndi dzina lolowera mkati mwa chivindikiro cha katoni imene makamerawo anabweramo, n'kuikweza pamwamba pa kabati. Ndinaiwala kuti m'nyumba mwa amayi katoni yolimba sikhala chabe. Pa 2 azakhali anaikamo gaga ndi mazira makumi atatu, n'kupita nawo kumsika. Munthu wina anagula mazira onse, napempha kuti atenge ndi katoni yomwe. Azakhali akungokumbukira kuti anali wa njinga yamoto, waulemu kwambiri. Pakatoniyo pali chithunzi cha kamera ndi nambala yake, mkatimo muli zolemba za dzanja langa. Mwina anacheza nawo mpaka anamva mudzi wathu. Wina aliyense wodziwa kuwerenga akanalowa, n'kusintha pasiwedi, n'kutitsekera ife kunja. Ndi zimene zachitika.

Sindikudziwa ngati amene anagula mazirayo ndi amene amalankhula. Sindilemba dzina la munthu popanda umboni, ndipo iwenso usayambe kuloza abale. Chimene ndikudziwa n'chakuti pali munthu amene akudziwa pamene amayi amakhala, nthawi imene amatsala okha, ndi mbali imene galu amagona.

Ndakanena kupolisi, ndawapatsa kakhadi ka m'kamera kosunga zithunzi. Achitetezo a m'mudzi avomera kumazungulira. Ndikuyesa kuti mabelo achoke pasanafike pa 28. Ine ndapempha tchuthi cha masiku atatu sabata imeneyo.

Koma vuto ndi amayi. Akana kubwera kuno ku boma fodya asanapite. Choposa apo, sakukhulupirira. Ndinawafotokozera zonse, za katoni, za bandulo, za masiku a pakalendala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ine sukulu yandichulukira. Anati wakuba uti angafunse za miyendo ya nkhalamba tsiku lililonse osadumphitsa? Anati chiikireni diso lija unkangowayang'ana osalankhula, mwezi wathunthu osamva mawu ako, ndiye lero wayamba kucheza nawo ine ndakuzimitsa chifukwa cha nsanje.

Ndikuopa kuti ndikangotembenuka auza azakhali alumikize waya uja n'kubwezeretsa simu khadi, ndipo pa 28 adzamangirira galu monga anauzidwa.

Ndiye ndikupempha zinthu izi. Usandiuze kuti ndiyatsenso makamera. Adzayaka tikadzawafafaniza n'kuyambira pachiyambi, ndi pasiwedi yatsopano yosalembedwa paliponse. Usinthenso pasiwedi za mufoni mwako, chifukwa ndikudziwa kuti umaika imodzimodzi kulikonse, tsiku lobadwa la mwana wako woyamba. Ndilibe umboni woti munthuyo amawerenga mauthenga ako, ndilibenso umboni woti sawerenga. N'chifukwa chake ndalemba papepala.

Chachikulu n'chakuti uwaimbire amayi tsiku lomwe ulandire kalatayi. Ubwereke foni ya mnzako, uimbe pa nambala ya azakhali. Usayambe ndi Adona, dzina limenelo lili ndi eni ake awiri tsopano. Uwakumbutse chinthu chimene sichinanenedwepo pansi pa kamera ija. Uwauze za tsiku limene unagwa pamwamba pa chigafa ukupachika fodya, iwo n'kukubereka mpaka kuchipatala uli ndi zaka khumi, miyendo yako ikukhwekhwereza pansi. Akatsimikiza kuti ndiwe, uwauze ndi pakamwa pako kuti m'kamera muja simunali iwe. Kwa ine sakumva. Ndipo ukatero, mawa lake udzaimbenso. Uziwafunsa za miyendo.

Lero m'mawa ndisananyamuke ndinawapeza pakhonde ataima pansi pa kamera yozimayo. Amaiuza motsitsa mawu kuti usadandaule, mlongo wako mtima wake ukhala pansi, ndipo chingwe cha galu achipeza kale.

Mulungu akusunge kumeneko, asungenso khomo lathu. Upereke moni kwa alamu anga, kwa Yankho ndi kwa Lusiya. Usazengereze.

Ndine mlongo wako,
Tamara