Phiko la ndege ya ku Chiuta

Lachinayi, Namwera. Kwatentha, ndipo mtima wanga nawo sunazizire.

Esinati, msuweni wanga wapakamwa ngati wailesi uja, wakandinenera kwa a Tcheyamani a chipani kuti ndikumafunsa za ndege ndi malire. Ndalakwanji? Ndinangofunsa ogulitsa nsomba ochokera ku nyanja ya Chiuta za ndege ya nkhondo ya ku Mozambiki imene amati inagwera m'madzimo. Inagwera mbali yathu kapena yawo? Nanga malire amadutsa pati pa nyanja yomaphwa ndi kudzaza mmene yafunira? Mapu a kusekondale sananene zimenezo.

A Tcheyamani andikalipira anthu akumva: "Iwe mwana, ukufuna adzakutenge ngati kazitape? Ntchito yako ya ku positi ithera pompo!" Koma pondiperekeza pakhomo anandinong'oneza kuti, "Inagwera kwathu kuno. Phiko lake amisiri anasulira mapoto. Poto wa mayi ako uja ndi wa phiko lomwelo."

Ndafikira kum'tembenuza potoyo. Kunsi kwake kukuoneka zilembo ziwiri zachilendo, zina zabisika m'mwaye. Kaya ndi Chirasha?

Esinati sindimukhululukira msanga. Za ndegeyo sindidzatchulanso kwa munthu. Koma mawa potoyo ndim'kwecha ndi mchenga mpaka zilembo zonse zituluke.