Musakwere Minibasi, Adadi

LACHIWIRI

Leticia, 07:12
adadi mwadzuka bwanji? chifuwa chija bwa?

Adadi, 07:31
Kutsokomola kokha mwanawe. Ndili ku depoti, ndikupita kumudzi ku Nsundwe

Leticia, 07:31
ku depoti?? ma results a corona atuluka?

Adadi, 07:40
Anati mawa. Koma abwana anga mai Tasneem awapeza nayo chibwerere ku Joni. Nyumba yonse yangoti zii. Ine mlonda ndidikire chiyani? Ngati n'kudwala ndikadwalire kwathu

Leticia, 07:41
adadi plz. amayi ali ndi shuga, mukudziwa. mukawatengere matenda mpaka kuchipinda?

Leticia, 07:42
nanga anthu mwakhala nawo mu minibasimo

Adadi, 07:55
Ndavala mask. Komanso Gladson wosamalira maluwa uja akuti akufalitsa matendawa ndi galu wa abwana, akufuna akamutaye ku mtsinje wa Lingadzi. Ine zimenezo ndisaone nawo

Leticia, 07:56
galu uja Coco? anapita nawo ku Joni?

Leticia, 07:58
azaumoyo akuti matendawa tikupatsirana anthufe. galuyo asakunyambiteni, musagone naye mu kanyumba kanu, mukamupatsa chakudya sambani m'manja. basi. mukachoka inu amuletsa ndani Gladson?

Leticia, 08:03
(uthenga wa mawu, 1:14)

Leticia, 08:20
adadi?

Leticia, 08:47
ndakuimbirani kawiri simukuyankha

Adadi, 09:52
Ndinatsika isananyamuke. Kondakitala wandilalatira. Ndayenda wapansi kubwerera ku Area 15, ndafika. Coco ali bwino, Gladson ndamukhazika pansi

Leticia, 09:53
zikomo adadi. ndikaweruka ndidzasiya zakudya ndi sopo pa geti

LACHITATU

Adadi, 11:16
Aimba achipatala. Andipeza nayo

Leticia, 11:17
ok. mpweya uli bwa? mukupuma bwinobwino?

Adadi, 11:25
Ndikupuma. Akuti ndikhale ndekha, ndikayamba kubanika ndiimbe msanga. Amayi ako usawauze

Leticia, 11:26
zoti mukudwala ndinawauza kale dzulo, sorry. koma ndawaletsa kubwera

LACHINAYI

Adadi, 10:04
Leticia. Amayi ako ali pa geti

Leticia, 10:04
chani?!

Adadi, 10:06
Akuti abwera pa njinga ndi achimwene awo, minibasi anaiopa. Anyamula mandimu ndi nkhuku yamoyo

Leticia, 10:06
musatsegule adadi. chonde

Leticia, 10:15
adadi??

Adadi, 10:33
Sindinatsegule. Ine ndakhala pa mpando mkati muno patali, iwo ayala chitenje kunjako. Tikucheza mokuwa, mseu wonse ukumva

Leticia, 10:34
akuti chani

Adadi, 10:41
Andisuzumira pa mpata wa geti. Akundikalipira kuti ndaonda