Mpando wa Pawindo

Lachiwiri, 7 Okutobala

Tafika. Ine za maulendo ndimazidziwa, asandiuze munthu. Amuna anga tchuthi chinawavuta, ndiye anati ndiwaperekeze ineyo apongozi aamuna kukaona mdzukulu kwa alamu anga kutsidya kwa nyanja. Iwo ndege n'koyamba kukwera. Malangizo ndinawapatsiratu: nsapato zomasuka, madzi pafupipafupi, kudzuka n'kumayendayenda, mankhwala m'thumba la jekete osati m'sutikesi. Zonsezo ankangoti eya amayi, eya amayi. Ndinawasankhira mpando wa pawindo kuti aone mitambo, ine cha kunjira. Ndinagona tulo tabwino zedi.

Lachitatu, 8 Okutobala

Kuzizira kwake! Milomo yayamba kale kung'ambika, mwayi mafuta ndinatenga. Mwana ndi wonenepa, mphuno ya agogo ake yeniyeni. Kusitolo apongozi aimirira nthawi yaitali pampope wotulutsa madzi wokha ukangoika manja, akuti ukuwaona. Masitepe oyenda okha awakana. Ati iwo sakwera chinthu chonyamula munthu osamufunsa kumene akupita.

Lachinayi, 9 Okutobala

Mapazi awo atupa, nsapato zakana kulowa. Mwendo wamanzere ukuwawa. Tapita nawo kuchipatala ndi alamu. Adokotala ati magazi sanaundane, koma pobwerera akakhalanso chikhalire atha kuundana, ndipo zimenezo zimapha munthu. Anawafunsa kuti m'ndege anadzukako? Ayi. Madzi? Sanamwe ngakhale dontho. Ine kukamwa yasa. Malangizo anga onse aja anapita kuti?

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndikusita zovala za mwana ndawamva apongozi kukhitchini akuuza alamu motsitsa mawu: "Ndikanamwa madzi ndikanafuna kuchimbudzi. Ndiye ndimudzutse mpongozi wanga, ndimulumphe miyendo, adziwe kumene ndikupita?"

Ndinakwiya kaye. Munthu wamkulu kufuna kufa chifukwa cha manyazi! Kenako mtima unandiwawa. Pawindo paja ndinawatsekera ndine.

Lolemba, 13 Okutobala

Kutupa kukutsika. Tawagulira masokosi othina aja adokotala ananena, akuti ngati a osewera mpira. M'mawa uliwonse ndikuyenda nawo mpaka papaki, iwo patsogolo ine pambuyo, botolo lamadzi ndawapachika m'khosi ngati mwana wa sukulu. Sanadandaule.

Loweruka, 18 Okutobala

Mawa tikubwerera. Nkhani yatha, iwo kunjira, ine pawindo. Ndawauza kuti akapanda kudzuka ndiitana atsikana a m'ndege adzawanyamule. Aseka. Koma ndili ndi mantha, amuna anga ndikawauza chiyani mwendowu ukavuta m'mwamba?

Lamulungu, 19 Okutobala

Ndikulemba tili m'ndege. Apongozi akudzuka, akuyenda mpaka kumbuyo, akumwa madzi, apeza kale mnzawo wocheza naye. Mapazi ali bwino.

Vuto linali ine. Madzi ndinamwa ambiri kuti aone chitsanzo. Titauluka kanthawi ndithu zinandipana, iwo atangokhala kumene n'kutseka maso. Ndinayang'ana miyendo yawo, ndinayang'ana njira. Kuwadzutsa ndinachita manyazi. Ine amene! Ndinangopinda miyendo n'kumaonerera mitambo, thukuta kamukamu.

Kaya anaona bwanji. Anamasula lamba, naimirira munjira, nkhope ataloza kwina.

"Amayi, dutsani," anatero. "Ine sindifunsa kumene mukupita."