Thonje la Achimwene ndi Miyezi ya Dokotala

Amayi anga, kodi kumene muliko mukukhala bwanji?

Kuno ku Bangula dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira. Mvula sinayambe. Mitambo imasonkhana cha ku Mozambiki masana aliwonse n'kubalalika osagwetsa kanthu. Patha zaka zitatu chikuikireni m'manda, ndipo nkhani zachuluka. Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa ndikayamba ndi zinazo ndikalipa mpaka pepala lithe.

Mdzukulu wanu Fatima wabereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Ali ndi mphuno yanu yomwe ija, ndipo akayamba kulira satonthozeka. Mapira chaka chino anachita bwino ngakhale mbalame zinadyako gawo lake. Chimanga cha kudimba anachitenga madzi a Shire, tinapulumukira mbatata. Ine ndikugulitsabe nsomba zouma pamsika, pamalo panu pomwe paja.

Tsopano za mwana wanu woyamba, achimwene a Zuze. Amayi, munthu munaberekayu ndi wouma mutu. Anayamba kuwonda nthawi yotola thonje, akumva kupweteka pansi pa nthiti chakumanja, maso ali chikasu. Ndikawauza za chipatala ankandiyankha m'Chisena chawo chija kuti nkhabe kanthu, palibe vuto, ndi kutopa chabe. Miyezi inayi yathunthu akumwa mizu ya sing'anga wa kwa Mbenje. Anavomera kukwera minibasi mimba itatupa moti malaya sankamangika mabatani.

Kuchipatala cha kuno anatitumiza ku Blantyre. Atawaunika ndi kuwatenga magazi, dokotala wamkazi anatiitanira m'kachipinda, ine, achimwene ndi akazi awo, alamu anga. Anati ndi khansa ya chiwindi. Anati chotupacho chikadapezeka chili chaching'ono, pamalo amodzi, akadayesa kuchidula, ndipo ena amakhala zaka pambuyo pake. Koma cha achimwene chafalikira chiwindi chonse. Chotsala ndi kuchepetsa ululu ndi kuchotsa madzi m'mimba akachuluka. Ndinafunsa ndine kuti atsala ndi nthawi yaitali bwanji.

"Tsiku sindilidziwa, mayi," anatero dokotala. "Koma konzekerani miyezi, osati zaka."

Mukudziwa chimene achimwene anafunsa? Anafunsa ngati angathe kubzala thonje mvula ikagwa. Ndinafuna kuwamenya ndi chikwama.

Chibwerereni, pakhomo pawo pasanduka msika. Alamu aletsa kutchula mawu oti khansa, ati amaitana imfa. Azakhali a ku Ngabu abwera ndi nkhani yoti achimwene analodzedwa ndi anthu amene tinalimbirana nawo malire a dimba. Ena akubwera ndi mabotolo a madzi obiriwira ogula pamsika, ati amachiza matenda onse. Dokotala ananena momveka kuti chiwindi chotopa sichifuna zosakanizasakaniza, koma ine ndikataya botolo limodzi, mawa lake ndimapeza awiri kuseri kwa chitseko. Mankhwala oletsa ululu amene anatipatsa kuchipatala ndiwo alamu akuwaopa, ati ndi aukali. Ndikalankhula, ndiye kuti ndine wopanda chikhulupiriro. Ine ndimapemphera, Amayi, inu mukudziwa. Koma kupemphera sikunditseka makutu.

Inunso ndili nanu mawu. Dokotala anati nthawi zambiri khansa imeneyi imayamba ndi kachirombo kamene kamakhala m'thupi zaka ndi zaka mwakachetechete, ndipo mwana akhoza kukatenga kwa mayi ake pobadwa. Achimwene anawapeza nako. Dokotalayo atatifunsa kuti amayi athu anamwalira bwanji, ndinafotokoza za mimba yanu yotupa, maso achikasu, ndi mmene munkamangira chitenje m'chifuwa kuti tisaone. Sananene kuti ndi zomwezo, poti sanakuoneni. Anangoti ana anu tonse tikayezetse.

Za kachiromboko sindikukuimbani mlandu, simunkadziwa. Koma kubisa kuja, Amayi! Si inu munkatiuza kuti wobisa matenda amaululidwa ndi maliro? Munkatinena tikabisa ngakhale kachilonda ka pachala. Inu munabisa chaka chathunthu, mukunamizira nyemba. Mukadapita kuchipatala, mwina tikadayezetsa kale, mwina cha achimwene chikadapezeka chili ngati kamtedza. Ndikuti mwina, chifukwa nanenso sindidziwa. Koma mwina ameneyu akundidya mumtima.

Ine ndinayezetsa. Ndili nako. Chiwindi changa ati chikadali bwino, ndizipita kukaunikidwa nthawi ndi nthawi, ndipo akaona kuti n'kofunika adzandiyambitsa mankhwala. Fatima alibe, khanda lakenso lalandira katemera. Wotsala ndi Rozina, mwana wanu womaliza. Wakanitsitsa. Ati munthu amayamba kudwala tsiku limene wauzidwa kuti akudwala. Ndamulankhula mofatsa, ndamulankhula mokalipa, ndatuma ngakhale mwamuna wake. Iye amangoseka n'kumatembenuza mandasi ake m'mafuta.

Dzulo m'mawa ndinawapeza achimwene kumunda, atakhala pachitsa, khasu lili pambali. Anali atakonza mizere isanu yokha, thukuta lili kamukamu. Ndinayamba kuwakalipira kuti akudzipha. Ndinawauza kuti ndawerenga miyezi ya thonje ndi miyezi ya dokotala, sizikukumana. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma.

"Malita, ndinamva zonse, sindine wogontha," anatero. "Thonjeli sindidzatola ine. Adzatola akazi anga ndi ana. Nanga ukufuna ndikhale pakhonde ndiziyang'ana mimba?"

Kenaka anandiululira kuti za m'mabotolo zija samwa, amakathira kuseri kwa khola, amangolandira kuti owabweretsera asakhumudwe. Anapempha kuti mankhwala a kuchipatala ndiziwasunga ine ndi kuwapatsa pa nthawi yake, poti alamu amawaopa. Anatinso ndikamuuze Rozina kuti akufuna kumva zotsatira zake iwo akadali ndi makutu. Ndinatenga khasu lija n'kumaliza mzere wachisanu ndi chimodzi, ndikuwanenabe.

Amayi, ndikukulonjezani kuti Lolemba Rozina akwera nane minibasi, ngakhale ndichite kumumanga ngati mbuzi yopita kumsika. Achimwene ndiwasamala mpaka tsiku lawo, ndipo sindilola kuti azibuula mankhwala alipo. Akadzafika kumeneko musadzayambe ndi kuwakalipira, ndawakalipira kale mokwanira ine. Mudzawapatse pokhala, atopa. Koma ine musandiyembekezere msanga. Tsiku langa lokaunikidwa ndalilemba pakhoma ndi khala, ndipo sindiphonya.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndakwiya nanu,
Malita