Jamu wa Lettie

Lolemba, 1 Disembala 1913

Zofunika kuti zitheke Loweruka lisanafike: shuga, mabotolo a pakamwa papakulu, phula lomatira, nkhuni zouma (ndi mvula imeneyi!), ndi munthu wondiyang'anira ana a sukulu masana.

Pilato wamtengatenga wabwera ndi mawu kuchokera kuchipatala ku Blantyre. Lettie wanga sakudya. Phala akukankha, msuzi akukankha. Watchula chinthu chimodzi chokha, jamu wa mapichesi a mtengo wathu wa kuseri kwa sukulu. Pilato abwerera Loweruka m'mawa.

Apongozi sindinawauze. Ndiwauza bwanji? Chikwatire mwana wawo sitinayang'anizanepo. Tikakumana panjira iwo amapatukira kutchire, ine ndimayang'ana phiri. Wotinyamulira mawu anali Lettie yemweyo. Komanso ndikuopa kuwadula mtima.

Lachiwiri, 2 Disembala

Wapansi mpaka ku Nkando. Mmwenye wa sitolo wandipatsa shuga wochepa, akuti wotsalayo ndi wa azungu a m'minda ya tiyi. Ndamugawa pawiri, mwina ndingalakwitse koyamba. Mapichesi ambiri alowa mphutsi. Miyendo ikuwawa.

Lachitatu, 3 Disembala



Ndinaphika jamu monga ndinkamuonera Lettie: kusenda, kuchotsa nthanga, shuga, madzi a ndimu, moto wofatsa, kutakasa osaleka. Anakoma, anagwirana bwino. Ndinaphula kuti azizireko, n'kuthamangira kukaphunzitsa masamu. Pobwera, mphika uli mbee, wotsukatsuka. Pambali pake mbale ya nyemba za kalongonda yovundikira.

Mlamu wanga Elson ali pakhonde, akunyambita zala.

"Alamu, mwatichititsa manyazi. Mwamuna kuphika zipatso ngati pamudzi pano palibe akazi? Mayi akuti njala yakuzunguzani mutu."

Akuti apongozi anathiramo madzi n'kugawira anthu amene amawapalira chimanga.

"Koma kutsekemera kwake, aphunzitsi! Mawa muphikenso, ndibwera ndi chikho changa."

Sindinaseke.

Lachinayi, 4 Disembala

Ndinatuma Elson kukanena kuti mphikawo usamakhudzidwe. Za Lettie sindinamuuze, pakamwa pake sipasunga kanthu. Kaya wakanena zotani. Masana ano mphika wasowa. Apongozi autenga kuti ndisaphikenso, m'malo mwake atumiza chinangwa chokwana anthu a mpingo wonse.

Zaka zonse ndinakhala kusukulu ya uphunzitsi, palibe anatiphunzitsa kuitanitsa mphika kwa munthu amene suloledwa kumulankhula.

Mapichesi akungogwa. Akatha amenewa, mpaka chaka chamawa.

Lachisanu, 5 Disembala

Ndinapita ndekha. Ndinaima kunja kwa mpanda wa apongozi, nkhope kunthochi, msana kunyumba. Iwo anali kusinja.

"Nthochi iwe," ndinatero, "Lettie sakudya. Chimene ndimaphika chija wapempha ndi iyeyo. Shuga watsala wa mphika umodzi."

Munsi unaleka.

"Nthochi iwe," anayankha, mawu ali pansi, "umufunse mphunzitsiyo. Chibwerere Pilato, wakhala chete chifukwa chiyani? Mwanayo anabereka ndi iye?"

Ndinangowomba m'manja n'kuchoka.

Ndisanamalize kusenda, mphika unali utabwera. Iwonso anabwera, n'kukhala pamwala chondifulatira, ndodo ili pamiyendo. Ine kutakasa, iwo kulondera. Elson atatulukira ndi chikho chake anamva ndodo pamsana. "Choka apa, fisi iwe!" Apa pokha ndinaseka, koma chamumtima.

Jamu anakwana mabotolo awiri. Pothira, limodzi linang'aluka ndi kutentha, jamu yense m'dothi. Ndinaiwala kulitenthetsa kaye ndi madzi ofunda. Ine amene ndinakonzekera zonse! Apongozi anamva kusweka, sanacheuke. Anangoti, "Iii."

Lotsalalo ndamata phula, ndakulunga pepala. Ndalisuzumira kambirimbiri.

Loweruka, 6 Disembala

Pilato wafika dzuwa likutuluka. Ndikulowa m'nyumba kukatenga botolo, palibe. Potuluka, ndinaona apongozi ali kale pamsewu, kamtolo pamutu, botolo atalibereka kumsana ndi nsalu ngati khanda. Chichokere kwawo kudziko la Apwitikizi sanapitirirepo Nkando. Mawondo awo ndi otupa. Pilato anawachonderera kuti ulendowo ndi wogonera, mitsinje yadzaza. Sanamve.

"Pilato, uwauze aphunzitsi kuti ndikamudyetsa ndekha. Azitsekera nkhuku zanga."

Anayamba kuyenda, Pilato akuwatsatira.

Tsopano anthu owadera nkhawa ndili nawo awiri. Ngati phula lisungunuka panjira? Ngati aterereka pamtsinje? Kakalata kamene ndampatsa Pilato ndinalemba chothamanga, sindikukumbukira ngati ndinaikamo moni. Lettie, chonde yankha msanga. Usadikire Pilato, kalata upatse aliyense wobwera chakuno. Ungolemba kuti mayi afika, ndipo wadya.