Magalasi Olemba Mawu

Lolemba, 2 Juni 2025

Alendo pakhonde langa:
Epulo, magalasi asanabwere: 41
Meyi, nditayamba kuvala: 9
Achepa ndi 32.

Magalasiwa anatumiza ndi Fanuel, mwana wanga wa ku Lusaka. Makutu anga anafa, chaka chachisanu tsopano. Munthu akalankhula, mawu ake amaoneka pagalasi, timalemba tobiriwira. Chichewa amachilemba mokhotakhota, komabe ndimatola. Tsiku loyamba ndinalira.

Lachinayi, 5 Juni

Ku mphakati wa tchalitchi chathu, anthu 14. Nditangolowa, onse zii. Pagalasi panalembeka mapemphero okha. Rhoda, uja amadutsitsa zitenje za ku Chipata m'njira zam'tchire, wauza anthu kuti mawu onse olembeka pagalasi amakafika kwa apolisi a pa boda. Ndamufotokozera kuti magalasiwa sasunga kanthu. Iye: "Aphunzitsi, munkatiuza nokha kuti cholembedwa sichiiwalika." Zoona. Ndinamuphunzitsa zimenezo mu Sitandade 4.

Lamulungu, 15 Juni

Alendo 0. Kale ankabwera, ine osamva. Lero ndingamve, olankhula palibe.

Lachitatu, 18 Juni

Tabeth wadwalika. Mnzanga kuyambira kusukulu ku Ludzi, 1961. Ndakwera kabaza mpaka kwawo. Watha thupi.

Wandiyang'ana n'kuti, "Bene, vula zimenezo. Ndikufuna kulankhula ndi iwe, osati ndi Lusaka."

Ndavula.

Walankhula nthawi yaitali atandigwira dzanja. Pena kuseka, pena misozi. Ine kumangogwedeza mutu. Kawiri wandifunsa kanthu, ndaonera nsidze zake. Kawiri konse ndavomera. Kuti ndivalenso, ndaopa kumukhumudwitsa. Ndidzamufunsa akapezako bwino.

Loweruka, 28 Juni

Tabeth tamuika m'manda dzulo.

Lolemba, 30 Juni

Kwabwera Linda, mwana wa Tabeth. Sanaope magalasi, wakhala pafupi. Mawu ake ndawawerenga bwinobwino: "Amayi anapita mtima uli m'malo. Anati inu munavomera."

Ndafunsa kuti ndinavomera chiyani. Sakudziwa. "Anangoti Bene akudziwa."

Ndaganiza za adzukulu awiri a Tabeth, za munda wa kudambo, za Misa. Kapena ankapempha kuti ndimukhululukire kanthu. Pa zaka 64 sindikupeza choti n'kukhululuka.

Magalasi ndavala, batire lodzaza. Pagalasi mbee.

Juni yense:
Alendo: 1
Malonjezo kwa Tabeth: 2
Amene ndikuwadziwa: 0

Benedicta Jere