Matebulo Ovina ndi Lalanje Limodzi

Wokondedwa mng'ono wanga Chimphepo,

Choyamba ndifunse za moyo. Uli bwanji kumeneko? Msana uja unkadandaula unasiya, kapena ukungoumanga lamba n'kukwera nawo makwerero monga mwa masiku onse? Nanga mlamu wanga ndi ana? Ife kuno tili bwino ndithu. Amayi ali gwa, maso okha ndiwo ayamba kuchita chifunga, koma pakamwa pakadali pakuthwa. Mlamu wako akupereka moni, ndipo wati ndisabise kanthu m'kalata muno, apo ayi alemba yake.

Kalata ija ndinakulembera mwezi watha, yopempha kuti undifunire ntchito ya ulonda kumeneko, uing'ambe. Ngati unalankhula kale ndi abwana ako, uwapepese. Shopu ya bambo sinditsekanso. Khala pansi ndikuuze, ngakhale ndikudziwa kuti m'banja mwathu mawu akuti "khala pansi" timawamva ngati chipongwe.

Ukukumbukira zimene bambo ankakonda kunena, zoti mpando timapangira ena. Zaka zonse zija za ukalipentala sindinawaonepo atakhalira mpando wopanga okha. Tiyi ankamwa choimirira, chopalira matabwa chili kukhwapa. Ine ndinatengera zomwezo, iwenso usakane.

M'kalata ija sindinakuuze chifukwa chenicheni, manyazi anandigwira. Nkhani ndi ya matebulo. Chaka chino ndinasamukira m'chipinda chakumbuyo chija tinkangosungiramo matabwa, chifukwa muli windo lalikulu. Kungoyambira pamenepo, tebulo lililonse lotuluka m'manja mwanga likafika kwa mwini wake linkayamba kugwedera.

Mayi wa lesitilanti ya pakona uja anaitanitsa matebulo asanu ndi atatu. Patangotha masiku awiri anabwera atagwira m'chiuno. Anati makasitomala ake akumwa tiyi wa m'sosala chifukwa wa m'kapu akutayika, ndipo wamaliza makatoni onse popinda zoika pansi pa miyendo. Anthu pamsewu wathu anandipatsa dzina, akuti Wamatebulo Ovina. Wometa tsitsi uja akandiona ankagwedeza mapewa, ati akundipatsa moni.

Ndinkatenga tebulolo, kubwera nalo kushopu, kuliika pamalo anga a nthawi zonse pafupi ndi windo, n'kuligwedeza. Lili nji! Ndiye ndinauza mayiyo kuti pansi pa lesitilanti yake ndiye m'popindika. Iye anandifunsa ngati pansi pa nyumba ya aphunzitsi amene ndinawapangiranso tebulo, pa kwa wometa, ndi pa tauni yonse panapindika chaka chimodzi. Mawu amenewo anandiwawa.

Ndinayamba kudula miyendo. Apa pang'ono, apo pang'ono. Likabwerera, ndidulenso. Matebulo anafupika mpaka mayiyo anati posachedwa anthu azidya chogwada. Kenaka anasiya nthabwala. Anandiuza kuti mwezi ukatha matebulo akuvinabe, apita kwa kalipentala wa kutsidya la msewu, ndipo aliyense womufunsa adzamuuza zoona.

Mng'ono wanga, ndinaopa. Dzina limene bambo analimanga zaka makumi atatu linali kuthera m'manja mwanga. Ndinkalawirira kushopu, osadziwa Lamlungu, osadziwa nkhomaliro. Kuyeza, kudula, kuyezanso. Mutu unadzaza miyendo ya matebulo yokhayokha. Ndinafika pokhulupirira kuti maso anga atha, kapena dzanja la bambo silinandigwere n'komwe. Chopalira chawo chija ndinachikulunga m'nsalu, ndiye tsiku lomwe ndinakulembera za ulonda.

Chimene chinandipulumutsa ndi hamala. Tsiku lina masana, tulo tili m'maso, ndinaphonya msomali n'kudzimenya chala chachikulu. Mawu amene ndinatulutsa sindingawalembe, amayi amawerengetsa makalata. Namwino anamanga chalacho ngati chidole, n'kunena kuti sabata yathunthu ndisagwire chida chilichonse. Ine ndinavomera pakamwa pokha.

Koma mlamu wako amandidziwa. M'mawa mwake anasonkhanitsa zida zonse, sowo, tepi yoyezera, ngakhale pensulo ya kukhutu, anazitsekera m'bokosi lalikulu lija n'kupita ndi kiyi kuntchito kwake. Ndinamukumbutsa kuti kwatsala masiku khumi ndi awiri okha. Iye anati miyezi itatu ndathamanga osafika, ndiyeseko kukhala, mwina n'kufika.

Tsiku loyamba ndinazungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Lachiwiri ndinayesa kutsegula bokosi ndi supuni, supuni n'kupindika. Lachitatu ndinagonja. Ndinatenga mphasa ndi malalanje awiri, ndinapita kushopu chifukwa masana mumazizira bwino, ndinayala pakati pa chipinda n'kugona chagada.

Kodi ukudziwa kuti padenga pathu pamakhala nkhunda? Ine sindinkadziwa. Ndinazimvetsera, ndinamveranso wailesi ya wometa chapatali, ndinasenda lalanje limodzi ndi dzanja lamanzere, linalo ndinaika pansi pambali pa mphasa. Za matebulo sindinaganizeko n'komwe. Tulo tinanditenga, tulo tokoma timene ndinatiiwala kalekale.

Podzuka ndinapapasa lalanje langa, palibe. Ndinaliona lili phee kufupi ndi windo. Ndinakalitenga, ndinaliikanso pambali pa mphasa, n'kuliyang'ana chigonere, tsaya lili pansi. Linayamba kugubuduka pang'onopang'ono, linakhota ngati likudziwa kwawo, n'kukaima pamalo omwe aja. Pamalopo panali chizindikiro cha mwendo wa tebulo, pomwe ndimaimika mwendo wakumbuyo nthawi zonse.

Ndinabwereza kasanu. Kenaka ndinathirapo madzi a m'kapu, ndipo anasonkhana pomwepo ngati ali m'mbale. Simenti inalowa pansi pamenepo, pang'ono chabe, moti munthu woimirira sangaone. Miyezi yonseyi ndinkadula miyendo itatu yabwinobwino kuti igwirizane ndi dzenje, wachinayi n'kumatsala wautali. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, moti wometa anasuzumira pawindo kufunsa ngati hamala ija inafikanso kumutu.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikuwonjezera kuti kuona dzenje la m'shopu mwako n'kugona pansi.

Koma miyendo ndinali nditaifupikitsa kale, ndipo matabwa opangira ina panalibe. Poyamba ndikanathamanga kukathyola bokosi. Ulendo uno ayi. Mawa lake ndinagonanso, tsopano pabalaza kunyumba, chifukwa kugona ndinali nditakuzolowera moti mlamu wako anayamba kuda nkhawa. Maso anga anagwera pansi pa firiji. Timiyendo take n'tamabawuti, ukapotokola timatalika kapena kufupika. Zaka zonsezi firijiyo ili m'nyumba mwanga, koma ndinali ndisanaionepo kuchokera pansi.

Kiyi itabwerera, ntchito inangotenga masiku atatu. Pansi pa mwendo uliwonse ndinalowetsa bawuti, kumutu kwake kachidutswa ka tayala lakale kuti asakande simenti. Matebulo anabwerera msinkhu wake. Chitseko chakale chokhuthala chija ndinachigoneka pansi, ndinachiwongola ndi levulo, chida choonera ngati malo ali opendekeka, ndipo tsopano ndi pomwe ndimayeserapo chilichonse.

Tsiku lokapereka, mayi wa lesitilanti anadzaza tambula ndi madzi mpaka m'milomo, n'kumaiika patebulo lililonse uku akulitsamira ndi thupi lonse, ndipo thupi ali nalo. Asanu ndi awiri anali nji. Lomaliza, la pakona pafupi ndi khitchini, linagwedera. Ndinagwada, ndinapotokola bawuti kawiri ndi zala, tebulo linakhala chete. Mayiyo anayang'ana pansi nthawi yaitali, n'kuvomera monyinyirika kuti kani pakona pakepo m'popindikadi. Tinaseka tonse. Anandipatsa tiyi, ndipo ndinamwa nditakhala pampando.

Tsopano mchemwali wake akufuna matebulo a saluni, aphunzitsi abweretsa lawo kuti ndiliike mabawuti, ndipo wometa wasiya kugwedeza mapewa.

Apa ndiye pafika povuta. Ukudziwa amene anathira simenti m'chipinda chija. Ndinakhala pansi kuti ndikulembere kalata yokukalipira, yoti mmisiri womanga nyumba zosanjikizana kunjako anasiyira mkulu wake dzenje. Ndinali nditakonza kale mawu onyoza okoma kwambiri. Mlamu wako ataona anandifunsa ngati ndikukumbukira bwino tsiku limenelo.

Ndikulikumbukira. Linali tsiku loti mawa lake ukwera basi. Unayamba kusakaniza simenti m'mamawa, ndipo dzuwa litapendeka unali utatopa kwambiri. Unandipempha kuti upume kaye ola limodzi, umwe madzi, kenaka uyeze bwino mbali ya kuwindo. Ine ndinakana. Ndinakuuza kuti kupuma ndi kwa alesi, kuti bambo akanakhalapo akanachita nawe manyazi. Unamaliza choncho, n'kupita m'mawa osadya, tisanatsanzikane bwino.

Dzenje lija ndi langa, mng'ono wanga. Ndinalikumba ndi pakamwa panga. Pepa. Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti zaka zitatu zapita usanatengeko tchuthi. Kalata iliyonse umati ntchito yachuluka. Ndikuopa kuti mawu anga aja unapita nawo m'chikwama, ndipo ukuwasenzabe pamsana wowawawo. Atule. Bambo anali mmisiri wabwino, koma pa nkhani ya mpando analakwitsa, ndipo anatisiya msanga asanakhalepo.

Pempho langa ndi limodzi. Pita kwa abwana ako, upemphe masabata awiri, ubwere kuno. Amayi akufuna kukuona maso asanatheretu. Lamlungu shopu ndimatseka tsopano, ndipo tsiku lililonse ikakwana nkhomaliro ndimagona theka la ola, aliyense wofuna tebulo adikire. Ndapanga mipando iwiri yotsamira kumbuyo, yosagulitsa. Umodzi ndikukhalira ine polemba kalatayi. Winawo ndauika pafupi ndi windo, ndipo sindilola munthu kuukhalira.

Mulungu akusunge, akuchiritse msanawo. Undiperekere moni kwa mlamu wanga, ndipo anawo uwauze kuti bambo awo aakulu aphunzira kugona masana.

Dzenje sindinalitseke, ndipo usaganize kuti ndikukuitanira ntchito. Levulo usiye komweko. Ubwere ndi malalanje.

Ndine mkulu wako,
Wamatebulo Ovina